Malo oimika galimoto a asilikali opuma aulumali: tingayambire pati kuno ku Dedza ndi Ntcheu?

Naphiri wa ku Bembeke

Moni akuluakulu nonse. Funso langa likukhudza malume anga, koma ndikuona kuti anzawo ambiri ali m'vuto lomweli. Malumewa ndi msilikali wopuma, mwendo wakumanzere anawadula pamwamba pa bondo, ndiye amayendera mwendo wochita kupanga ndi ndodo imodzi. Kutha kwa mwezi timachita hayala Sienta kupita nawo pa boma kukatapa penshoni, nthawi zina n'kudzeranso kuchipatala. Vuto limakhala potsika. Pakhomo pamakhala patadzaza magalimoto ndi njinga za kabaza, dalaivala amakaima kutali, ndiye mkuluyo ayende mtunda wonsewo, awoloke ngalande, akwere masitepe. Akamafika pamzere thukuta limakhala lili kamukamu ngakhale kukuzizira kwa mu June.

Ndamva kuti ku America ndi ku Britain asilikali akale amapatsidwa chilolezo choimika galimoto pakhomo penipeni, ndipo madera ena akukulitsa kuti ambiri alowemo. Kodi kumeneko zimayenda bwanji? Nanga ife tikafuna zoterezi pa boma la Dedza kapena la Ntcheu, tigogode chitseko cha ndani, titanyamula chiyani? Galimoto yathuyathu tilibe, mwina n'kutheka kuti nkhaniyi sikutikhudza n'komwe.

Jere_Lizulu

A Naphiri, ikukukhudzani ndithu, ndipo ndiyambire pomwe mwathera. Ku Britain chilolezocho ndi kakhadi kotchedwa Blue Badge, ndipo ndi ka munthu, osati ka galimoto. Kumbuyo kwake kuli chithunzi cha mwiniwake. Akayendetsa yekha amakaika pa dashibodi, akakwera ya mnzake kapena ya hayala amakaikanso momwemo, akatsika n'kumapita nako. Dongosololi linayamba mu 1971 khadi lili la mtundu wa olenji, linasanduka labuluu mu 2000. Limagwira ntchito zaka zosapitirira zitatu, kenako munthu apemphenso. Ku England mtengo wake sudutsa mapaundi 10, ku Scotland 20, ku Wales n'laulere. Wogwidwa akugwiritsa ntchito khadi la wina akhoza kulipitsidwa mpaka mapaundi 1,000.

Asilikali akale ali ndi njira yachidule, koma tamvetsani bwino mmene ilili. Amene akulandira ndalama yotchedwa War Pensioners' Mobility Supplement amapatsidwa khadilo popanda kuyezedwanso. Chimodzimodzi amene analandira chipukuta misozi cha Armed Forces Compensation Scheme pa mlingo wa kuvulala 1 mpaka 8, malinga zatsimikizidwa kuti ulumali wakewo ndi wokhalitsa ndipo umamulepheretsa kuyenda kapena kumuyendetsa movutika kwambiri. Zonse ziwiri zikukamba za kuyenda. Chimene msilikali wapindula n'chakuti mapepala a kuusilikali akwanira, sakafolanso kwa dokotala wina. Kukulitsa kwakukulu kunachitika pa 30 August 2019, pamene England inayamba kuwerengera ulumali wosaoneka ndi maso: munthu amene miyendo ili bwino koma kuyenda pagulu kumamusokoneza maganizo koopsa, kapena akhoza kudzivulaza pamsewu. Apa ndi pamene analowera asilikali amene nkhondo inawasiyira bala la m'mutu.

Ku America chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake. Nthambi ya boma yoona za asilikali akale imayeza ulumali wobwera ndi ntchito kuyambira 0 mpaka 100 peresenti, ndipo zigawo zambiri zimapereka nambala ya galimoto yokhala ndi zilembo DV (Disabled Veteran, kutanthauza msilikali wakale waulumali) kwa amene afika mlingo wakutiwakuti. Ku Texas mlingowo ndi 50 peresenti, kapena 40 ngati munthu anadulidwa mwendo. Kwa zaka zambiri aliyense wa nambala ya DV ku Texas ankaloledwa kuima pamalo a anthu aulumali. Koma 50 peresenti munthu akhoza kuifikira ndi makutu, khungu kapena matenda ena osakhudza kuyenda. Oloredwa anachuluka, malo sanawonjezeke, ndipo woyendera chikuku ankapeza podzaza. Mwa amene anadandaula munali asilikali akale omwe, oyendera zikuku. Kuyambira pa 1 January 2022 lamulo linasintha: nambala ya DV payokha sikwanira, pafunika chizindikiro chija cha munthu ali pachikuku, chimene chimabwera ndi kalata ya dokotala. Kusalipira pamakina a boma olipirira poimika galimoto kunatsalabe kwa onse a DV.

Ndiye pali zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza. China ndi kusalipira, china ndi kuima pakhomo. Kusalipira mukhoza kupatsa msilikali wopuma aliyense ngati ulemu, palibe amene walandidwa kanthu. Malo apakhomo ndi ochepa, awiri kapena atatu, ndipo aliyense amene mwamuwonjezera pamndandanda akupikisana ndi munthu amene sangathe kutsika pena paliponse. Ine ndikuti tikamapempha kuno, tipemphe malo a anthu aulumali onse, kenako asilikali opuma akhale ndi njira yachidule yopezera khadi. Pamalamulo sitikuyambira padothi: ndime 20 ya malamulo aakulu a dziko imaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, Malawi inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, lamulo la anthu aulumali la 2012 linanena kale kuti nyumba ndi mayendedwe zizifikirika, ndipo la 2024 ndi limene linabweretsa MACODA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, m'malo mwa lakale lija la MACOHA. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi pa 10 alionse a zaka zisanu kupita m'mwamba ali ndi ulumali wa mtundu wina.

Mmisiri wa pa Linthipe

Bambo Jere alankhula za khadi, ine ndilankhule za pansi, chifukwa khadi lopanda malo omangidwa bwino ndi pepala chabe. Malo ambiri amene amati ndi a anthu aulumali amangokhala malo wamba ojambulidwa chikuku ndi penti. Munthu waima, galimoto ina n'kudzaima pafupi, chitseko chikutseguka theka, ndipo mwendo wochita kupanga sungatulukire pampata wotero.

Miyezo yake ndi iyi. Poima galimoto pakhale mamita 2.4 m'lifupi ndi 4.8 m'litali. Pambali pake musiye mpata wa mamita 1.2 wolembedwa mizere yopingasa, pomwe sipaima chilichonse, ndipo kumbuyo musiyenso 1.2 potulutsira chikuku mubuti. Aku America mpata wa pambaliwo amaufikitsa 1.5, ndipo ngati malo alipo chitani choncho, popeza chikuku chimafuna bwalo la mamita 1.5 kuti chitembenuke. Malo awiri akhoza kugawana mpata umodzi pakati: 2.4, 1.2, 2.4, zonse pamodzi mamita 6. Koma kumbukirani kuti kuno chiwongolero chili kumanja, wokwera kutsogolo amatsikira kumanzere, chitseko cha minibasi chilinso kumanzere. Ngati malo ndi amodzi okha ndipo galimoto imalowa ndi mphuno, mpatawo ukhale kumanzere. Pamalo awiri ogawana, imodzi imayenera kulowa chambuyo, ndiye payenera kukhala potembenukira.

Chimene chimapha ntchito ku Dedza ndi kutsetsereka. Boma lonse lili m'munsi mwa phiri, malo osalala ndi osowa. Pamalo otsikirapo kutsetsereka kusapitirire masentimita 2 pa mita imodzi, mbali zonse ziwiri. Kuyeza kwake n'kosavuta: goneka levulo ya mita imodzi pansi, kweza mbali yotsika mpaka kathovu kafike pakati, yeza mpata ndi tepi. Ukadutsa masentimita 2, chikuku chimathawa munthu ali pakati posamuka pampando, ndipo chitseko cha galimoto chimadzitsekera chokha n'kumenya mwendo. Koma musapange chosalala kotheratu, madzi adzakhazikika. Kasentimita kamodzi ndi theka pa mita n'kokwanira kuwathamangitsira kungalande.

Dothi kapena miyala yongomwaza sizithandiza. Kuyambira December mpaka March ndodo imalowa m'matope, ndipo timatayala takutsogolo kwa chikuku timatitimira m'miyala nthawi ina iliyonse. Thirani konkire. Chotsani dothi lapamwamba, thirani gelevulo, sinjani bwinobwino muli kuwaza madzi, kenako silabu ya masentimita 10 yosakaniza 1:2:4, kutanthauza muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya kwale. Malo amodzi ndi mipata yake ndi mamita 3.6 kwa 6, ndipo amadya matumba a simenti pafupifupi 14. Pamwamba musapake chosalala ngati pabalaza. Kokerani tsache konkire asanaume kuti pakhale pokhakhala, apo ayi mvula ikagwa mphira wa ndodo umaterereka. Thirirani madzi masiku 7, galimoto isakwerepo sabata ziwiri, penti adikire masiku 28. Opaka msanga amaona penti akusupuka mwezi usanathe.

Kuchoka pamalowo kufika pakhomo pasapitirire mamita 50, ndipo njirayo isadutse kumbuyo kwa magalimoto ena, chifukwa wokhala pachikuku saoneka pagalasi dalaivala akamabwerera m'mbuyo. Ngalande ivundikiridwe ndi silabu yofanana msinkhu ndi njira. Mukaika zitsulo, mipata yake isapitirire mamilimita 13 ndipo ikhale yopingasa njira, osati yotsata kumene munthu akulowera. Kamlomo kotsala pakati pa silabu ndi khonde kasapose sentimita imodzi.

Rampu ndi pamene amisiri anzanga amachimwira kwambiri. Muyezo ndi 1 pa 12: kukwera sentimita imodzi kumafuna masentimita 12 a kutalika. Sitepe imodzi ya masentimita 15 imafuna rampu ya mamita 1.8, masitepe atatu amafuna mamita 5.4. Zija timaziona za mita imodzi pa masitepe atatu ndi zokwezera wilibala, munthu wa pachikuku akhoza kugwa chagada. M'lifupi mamita 1.2, pamwamba ndi pansi pakhale popumira posalala pa mamita 1.5 kuti munthu atsegule chitseko chikuku chisakubwerera, chogwirira pa msinkhu wa masentimita 90 mbali zonse ziwiri, ndi kamzere ka konkire ka masentimita 10 m'mphepete kuti tayala kapena ndodo isapulumukire kunja. Masitepe musawagumule. Ambiri a mwendo wochita kupanga amakwera bwino sitepe yokhala ndi chogwirira kusiyana ndi kutsika rampu.

Chomaliza ndi chikwangwani choimika pamtengo wachitsulo, m'munsi mwake pa msinkhu wa mamita 1.5, chifukwa chojambula pansi chimabisika galimoto ikaima ndiponso fumbi likachikuta. Pa chiwerengero, ku America muyezo ndi malo amodzi pa 25 alionse mpaka kufika 100, koma pachipatala cholandira odwala oyendera ndi 10 peresenti, pamalo a mafizo 20 peresenti.

Sajeni Wopuma

Bambo Jere, mfundo yanu ndaimva, koma ndisiyane nanu pang'ono. Msilikali sanavulale akuyenda zake. Anatumidwa ndi dziko. Alipo amene analondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, alipo amene anapita ku Ivory Coast, ndipo kuyambira 2013 anyamata akhala akupita kummawa kwa DRC, kumene mu November 2018 tinataya asilikali asanu ndi mmodzi kufupi ndi Beni. Pa aliyense amene anabwera m'bokosi pali ena amene anabwera ndi zitsulo m'thupi, msana wowonongeka ndi katundu wolemera, makutu ogontha. Kuwakumbukira ndi maluwa ofiira mu November n'kwabwino, koma ulemu uzionekanso tsiku la penshoni.

Ndivomereze kuti malo apakhomo apite kwa wovutika kuyenda, kaya ndi msilikali kaya ndi mlimi wa mbatatesi wa ku Tsangano. Koma zinthu ziwiri zisachoke m'pempholo. Choyamba, amene anapuma chifukwa chovulala anadutsa kale pa bodi ya madokotala a usilikali, ndipo zinalembedwa m'mapepala ake opumira. Mapepala amenewo pamodzi ndi chiphaso cha unzika akwanire, asatumizidwenso uku ndi uku. Chachiwiri, paliponse pamene khonsolo imadulitsa tikiti ya galimoto, galimoto yonyamula msilikali wopuma isalipire. Ndipo musaiwale kuti ambiri ulumali umawapeza atapuma kale: shuga, sitiroko, mawondo otha. Amenewa mapepala a usilikali sanena kanthu za iwo, ndiye njira ya dokotala wa pa boma ikhalepo. A Naphiri, malume anuwo alembetse ku VELOM, bungwe la asilikali opuma, ngati sanatero. Kalata yochokera ku bungwe la asilikali opuma imalemera kuposa ya munthu mmodzi.

Nangozo wa mafizo

A Sajeni akhudza pofunika: ndani ayenera kulandira, ndipo ayezedwe bwanji. Kuyeza kukhale kwa zimene munthu angathe kuchita, osati dzina la matenda. Ku America muyezo wofala ndi wakuti munthu sangayende mafiti 200, omwe ndi pafupifupi mamita 60, osaima kupuma. Ku Britain amayang'ana mamita 50. Pachipatala cha boma n'zotheka popanda makina: yezani mamita 50 pakhonde, munthu ayende ndi ndodo kapena mwendo umene amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, muone nthawi, kangati waima, akupuma bwanji, wadzandira kapena ayi, ndipo mumufunse mmene amakhalira madzulo ake ndi mawa lake. Chimene chimasokoneza n'chakuti munthu wophunzitsidwa usilikali amalimba mtima pamaso pa anthu. Amaluma mano n'kumaliza mamita 50 ali njo, woyeza n'kulemba kuti ali bwino, pamene usiku wake chitsa cha mwendo chatupa ndipo mawa sangavale mwendowo. Muyezeni kawiri, kachiwiriko atapuma mphindi zochepa chabe. Ulendo wachiwiri ndi umene umanena zoona.

Makhadi akhale a mitundu iwiri, lokhalitsa kwa wodulidwa mwendo kapena wofa ziwalo, ndi la miyezi 6 kwa wothyoka kapena wochitidwa opaleshoni. Kuitana wodulidwa mwendo chaka chilichonse kuti adzatsimikize kuti mwendo sunamere n'kumuzunza.

A Naphiri, za malume anu mwachindunji. Wodulidwa pamwamba pa bondo amawononga mphamvu zambiri kuposa wodulidwa m'munsi mwa bondo, chifukwa chiuno ndi chimene chimaponya mwendo wonse, n'chifukwa chake thukuta lija. Thukutalo likadzaza m'chikho cha mwendo wochita kupanga, momwe mumalowa chitsa, chitsacho chimaterereka, khungu limasupuka, ndipo ngati ali ndi shuga kabala kakang'ono kakhoza kuwagoneka miyezi. Muzinyamula masokosi a chitsa osinthira ndi kansalu kouma. Potsika galimoto, mpando ukankhidwire kumbuyo mpaka pothera, chitseko chitseguke chonse, atembenuke thupi lonse miyendo yonse iwiri ikhale kunja, phazi labwino liponde pansi molimba, kenako adzuke atagwira thupi la galimoto, osati chitseko, chifukwa chitseko chimayenda. Popeza mwendo wawo wochita kupanga ndi wakumanzere, akakhala kutsogolo ndi umene umayamba kutuluka, ndiye asauponderetse bondo lisanawongoke. Mpando wakutsogolo kwa Sienta ndi wabwino kuposa wapakati. Pokwera masitepe ayambe ndi mwendo wabwino, potsika ayambe ndi wochita kupangawo, ndodo ili kudzanja lamanja. Akayamba kuyenda chotsimphina kuposa kale, kawirikawiri chikho chakula chifukwa chitsa chaphwa. Akaonedwe ku malo opangira miyendo a pa Kamuzu Central Hospital, ndipo wa za mafupa pachipatala cha boma akhoza kulemba kalata yowatumiza.

Koma ndinene chimene chikundikhudza kwambiri. Asilikali opuma ambiri a ku Mayani, Kasinje, Golomoti kapena Bilira safika pa boma pa galimoto yodikira. Amatsika minibasi kapena njinga yamoto. Kwa iwo chofunika si poimika, ndi potsikira: malo apafupi ndi khomo pomwe galimoto iliyonse ingaime mphindi zisanu, pansi posalala, ndi benchi yokhala ndi zogwirira m'mbali, ya msinkhu wa masentimita 45 mpaka 50 kuti munthu adzuke mosavuta. Pempho lopanda potsikira ndi benchi lithandiza a magalimoto okha, omwe ndi ochepa.

Mlangeni77

Pa funso la chitseko chogogoda, zitseko zake ndi zitatu, kutengera mwini malo.

Bwalo la banki, sitolo kapena tchalitchi ndi la eni ake. Pamenepo sipafunika lamulo la khonsolo, pafunika kalata kwa manijala wa nthambi. Iye nthawi zambiri sangavomereze zomanga payekha, amatumiza kulikulu, ndiye kalatayo ikhale yoti akhoza kungoipititsa: chithunzi cha malowo, chojambula cha pamanja chokhala ndi miyezo imene apereka a Mmisiri, ndi mtengo wochokera kwa mmisiri weniweni. Kalata yongodandaula imathera mufayilo. Funsaninso ngati nyumbayo ndi yawo kapena ya lendi, chifukwa ngati ndi ya lendi mwini nyumba ayenera kuvomereza. Apa ndi poyambira pabwino, zimayenda msanga kuposa kwina konse.

Msika, depoti, maofesi a khonsolo ndi chipatala cha boma zili pansi pa khonsolo. Lembani kwa bwanamkubwa, makope apite kwa mkulu wa zomangamanga, ofesi ya chisamaliro cha anthu, woimira MACODA m'boma, ndi mkulu wa zaumoyo ngati ndi pachipatala. Pezani khansala mmodzi amene angaitengere nkhaniyi ku komiti ya zomangamanga, chifukwa chimene sichinadutse mu komiti sichifika pa msonkhano wa khonsolo yonse. Nthawi ndi yofunika: chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 April, ndipo bajeti imakonzedwa miyezi ingapo izi zisanafike. Pempho lofika bajeti itatsekedwa limadikira chaka china. Musainitse a VELOM pamodzi ndi a FEDOMA, omwe ndi mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, kapena bungwe la anthu aulumali la m'bomalo, kuti isaoneke ngati nkhani ya gulu limodzi.

Chachitatu ndi msewu wa M1. Ku Ntcheu masitolo ambiri ayang'ana msewuwo, ndipo malo a m'mbali mwake ali m'manja mwa Roads Authority, mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati. Khonsolo singalembe mizere pamenepo payokha. Ndiponso kuimika motsata msewu kumatulutsira dalaivala kumbali ya mathiraki, ndiye malo a anthu aulumali asakhale pamenepo ngati pali pena.

Khadi ndi chindapusa zimafuna lamulo la khonsolo. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo awo, omwe amapita kwa nduna kuti iwavomereze. Popanda zimenezi mlonda akhoza kupempha munthu kuti asunthe galimoto koma sangamulipitse. Mu lamulolo mulembedwe woyenera kulandira, wosaina kalata yachipatala, nthawi imene khadi limatha, ndi chilango. Khadi likhale ndi nambala ndi tsiku lothera kutsogolo, chithunzi ndi dzina kumbuyo kuti wodutsa asamawerenge, chidindo cha khonsolo, ndi kaundula mmodzi ku ofesi. Matenda a munthu asalembedwepo. Makhonsolo a Dedza ndi Ntcheu agwirizane kuti khadi la uku ligwire ntchito uko, poti wa ku Lizulu amapita mbali zonse ziwiri.

Zimene zimawononga n'zodziwika. Achibale amayenda ndi khadi mwini wake ali kunyumba, kapena atamwalira. Mankhwala ake ndi chithunzi ndi tsiku lothera. Mpata wa mizere yopingasa uja a kabaza ndi ogulitsa malonda amauona ngati malo opanda mwini, ndiye kambiranani ndi tcheyamani wa siteji ya kabaza ntchito isanayambe ndipo muwasonyeze pena poima. Akuluakulu a pamalopo amasandutsa malowo poimika galimoto yawo chifukwa ali pafupi ndi khomo, ndipo mlonda sangadzudzule bwana wake pokhapokha pali kalata yochokera pamwamba yomupatsa mphamvuzo. Alonda amasinthasintha, choncho malangizo amatidwe m'kanyumba kawo.

Naphiri wa ku Bembeke

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Kalata ya ku banki ndiyamba nayo sabata ino, ndipo a Sajeni, uthenga wa VELOM ndiwauza malume. Koma zomangazo zitenga nthawi. Mwezi uno ukamatha tingachite chiyani chosafuna simenti?

Mmisiri wa pa Linthipe

Mayi, pitani tsiku limodzi penshoni isanatuluke mukaonane ndi manijala ndi mlonda wamkulu. Pemphani malo awiri oyandikana, apafupi ndi khomo, mbali imene kulibe ngalande. Amodzi aima galimoto, enawo ndi mpata wotsegulira chitseko. Poikira malire tengani zigubu ziwiri za malita 20, mudzaze mchenga, mumange chingwe pakati; zimaoneka patali ndipo mlonda akhoza kuzisuntha yekha. Mizere ya laimu imakhala masabata angapo nthawi ya chilimwe. Dalaivala aimbire mlondayo akamakhota kuchoka pa M1 kuti apeze patatsegulidwa.

Ngati ngalandeyo singapewedwe, matabwa atatu okhuthala mainchesi awiri, okhomedwa pamodzi ndi mitanda iwiri pansi yolowa m'ngalandemo kuti asasunthe, akwanira pa ngalande yosapitirira masentimita 60, ndipo mbali iliyonse akhale pansi polimba masentimita 20. Khomani mizere ya mphira wa tayala pamwamba kuti ndodo igwire. Thabwa limodzi lokha musayese, limagwedera, ndipo bondo la mwendo wochita kupanga limapindika lokha pansi pakasuntha. Mupemphenso mpando umodzi mkati pafupi ndi kauntala, wina wa inu aime pamzere m'malo mwawo.